Anthu a m'mudzi mwathu: obadwa, ocoka ndi otsala

Mau kwa makolo

Makolo ndi abale, phunziro ili ndi la masiku 5. Mwana wa kalasi yoyamba sangathe kuliwerenga lonse yekha. Iye awerenge mizere yaifupi ya tsiku loyamba. Zotsalazo mumuwerengere inu, kapena mkulu wake, madzulo mukatha kudya. Ngati pakhomo pali agogo, aitaneni akhale pafupi, pakuti phunziroli likunena za iwo. Konzani licero, njere za cimanga, nyemba ndi timiyala.

Tsiku loyamba: Tiwerenge

Uwu ndi mudzi wathu.
M'mudzi mwathu muli ana.
Muli amai ndi abambo.
Muli agogo.
Lero kwabadwa mwana.
Mudzi wakula.
Amalume apita ku Tete.
Mudzi wacepa.
Agogo atsala pakhomo.
Ine nditunga madzi a agogo.

Tichule pamodzi:

ga ge gi go gu
a-go-go
mu-dzi
ma-lu-me
ma-dzi

Ana inu, m'mawa uliwonse ine ndimatsegula buku la maina ndi kukuitanani mmodzimmodzi. Amene alipo amayankha. Caka catha panali maina atatu amene ndinawaitana kwa masiku ambiri popanda wondiyankha. Ndinapita kukafunsa kwao. Woyamba anasamuka ndi makolo ake kupita ku Moatize. Waciwiri anatengedwa ndi azakhali ake a ku Malawi. Wacitatu ndinamupeza pakhomo, alikuphika phala. Amai ake anapita kukafuna nchito kutali, ndipo iye anatsala ndi agogo ake amene ankadwala miyendo. Panalibe wina wowatungira madzi, conco mwanayo analeka sukulu.

Ndi cifukwa cake ndalemba phunziro ili. Munthu akacoka pamudzi, amasiya mpata. Tiyenera kudziwa amene acoka, amene atsala, ndi amene adzagwira nchito ya wocokayo.

Tsiku laciwiri: Mudzi umakula, mudzi umacepa

Tengani licero. Licerolo ndi mudzi. Ikanimo njere 10 za cimanga. Njerezo ndi anthu.

Anthu a m'mudzi amasintha m'njira zinai.

Mwana akabadwa, onjezani njere imodzi.
Mlendo akabwera kudzakhala, onjezani njere imodzi.
Munthu akamwalira, cotsani njere imodzi.
Munthu akasamuka, cotsani njere imodzi.

Njira ziwiri zimakuza mudzi. Njira ziwiri zimacepetsa mudzi. Obadwa ndi obwera akaposa omwalira ndi ocoka, mudzi umakula. Pamenepo pafunika minda ina, citsime cina, ndi cipinda cina pasukulu. Omwalira ndi ocoka akaposa obadwa ndi obwera, mudzi umacepa. Nyumba zina zimatsekedwa, ndipo minda imamera chire.

Dziko lonse liri ngati licero lalikulu. Boma limafuna kudziwa kuti m'licero lake muli anthu angati. Conco limatuma anthu kuyenda khomo ndi khomo, kufunsa ndi kulemba. Nchito imeneyi ndi kalembera. M'dziko lathu la Moçambique, citalandira ufulu, kalembera anacitika mu 1980, mu 1997, mu 2007 ndi mu 2017.

Mu 1980 tinalipo anthu mamiliyoni 12.
Mu 1997 tinalipo pafupifupi mamiliyoni 16.
Mu 2007 tinapitirira mamiliyoni 20.
Mu 2017 tinalipo pafupifupi mamiliyoni 28.

M'cigawo cathu ca Tete munali anthu oposa 1 100 000 mu 1997. Pofika mu 2017 anaposa 2 600 000. M'zaka 20 zokha, pamene panali munthu mmodzi panakhala anthu awiri ndi kupitirira. Ndi cifukwa cake m'kalasi mwathu muli modzaza, ndipo munda umene agogo ankalima okha lero wagawidwa kwa ana ndi adzukulu.

Tiwerengere:

1. M'mudzi muli anthu 10. Kwabadwa ana 2. Tsopano alipo angati?
2. Pakhomo pali anthu 8. Anthu 3 apita ku Furancungo kukakhala. Atsala angati?
3. Pakhomo pali anthu 6. Kwabadwa mwana 1, ndipo amalume 1 apita ku Joni. Tsopano alipo angati?

Tsiku lacitatu: Agogo anga asimba

Ine sindinaone nkhondo. Ndinabadwa mtendere utabwera kale. Koma agogo anga aakazi anaiona. Tsiku lina tilikutong'ola cimanga ndinawafunsa.

"Agogo, kodi mudzi uno unali conco kuyambira kale?"

"Iai, mdzukulu wanga. Mudzi uno unatsala wopanda munthu. Ngakhale tambala sankaliramo."

"Nanga anthu anapita kuti, agogo?"

"Tinathawa. Cinali caka ca 1986. Tinanyamuka usiku. Amako anali kamwana, ndinawagwira padzanja. Pamsana ndinabereka amalume ako. Pamutu ndinasenza mphika ndi kaufa. Mbuzi tinazisiya m'khola. Kutaca tinali titaoloka malire, tili ku Ntcheu."

"Kumeneko munakhala kwa yani?"

"Kwa abale. Suwadziwa kodi? Kumeneko ndi kuno ndi mtundu umodzi, cilankhulo cimodzi. Mseu wokha ndiwo watilekanitsa. Anatipatsa malo omangapo kanyumba. Tinkalandira ufa, nyemba ndi mafuta, ndipo tinkalima ganyu m'minda ya eni mudzi. Amako anayambira sukulu komweko."

"Munabwerako liti?"

"Mu 1993. Pofika kuno sitinaone nyumba. Udzu unali wotalika kuposa munthu. Cimene cinatisonyeza pakhomo pathu ndi mtengo wa mapicesi uwo uli apowo. Agogo ako aamuna atauona anakhala pansi osalankhula. Kenaka anatenga khasu."

"Kodi munabwerako nonse?"

"Iai. Mng'ono wanga anakwatiwa komweko, ndipo ali komweko mpaka lero. Ena tinawaika m'manda a kumeneko. Koma tinabwera ndi ana ambiri amene anabadwira ku Malawi. Tinapita ocepa, tinabwera oculuka."

Zimene agogo anasimba zinacitikira mabanja ambiri a ku Tsangano, ku Macanga ndi ku Angónia. Nkhondo inatenga zaka 16. Pofika mu 1992, anthu a ku Moçambique pafupifupi miliyoni imodzi anali atathawira ku Malawi. Ambiri a kuno kwathu anakhala m'maboma a Ntcheu ndi Dedza. Pa 4 Outubro 1992, mumzinda wa Roma, a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere. Ndi cifukwa cake tsiku la 4 Outubro sitibwera kusukulu. Pambuyo pa panganolo, anthu pafupifupi 1 700 000 anabwerera kwao kucokera ku Malawi, Zimbabwe, Zambia, Tanzania, Swaziland ndi South Africa.

Maulendo sanayambe ndi nkhondoyo. M'nthawi ya Apwitikizi, amuna ambiri a cigawo ca Tete ankayenda pansi kupita ku Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe. Ankathawa cibalo, ndiponso ankafuna ndalama ya msonkho. Ankagwira nchito m'mafamu ndi m'migodi. Ena ankabwera ndi njinga ndi bulangete. Ena sanabwerenso, ndipo anthu ankawachula machona. Atate ao a agogo anga anali mmodzi wa iwo.

Maulendo sanathe. Lero acinyamata amapita kumzinda wa Tete, ku Moatize kumene kuli migodi ya malasha, ku Beira, ku Maputo, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg. Ena amabwera kuno kwathu kudzalima fodya ku Macanga, kapena kudzagula kacewere ndi nyemba ku Tsangano. Licero lathu silikhala cete.

Mafunso:

1. Kodi agogo anathawira kuti?
2. Anasenza ciani pamutu?
3. Ndi ciani cinawasonyeza pakhomo pao?
4. Kodi pangano la mtendere linasainidwa caka canji?
5. Kodi mchona ndi munthu wotani?

Tsiku lacinai: Dziko la agogo ambiri

Kutali kutsidya la nyanja, ku Ulaya, kuli dziko la Portugal. Cipwitikizi cimene timaphunzira cinacokera kumeneko. Ndi dziko la miseu ya phula, magetsi ndi zipatala zambiri. Koma liri ndi vuto lake. Ana ndi ocepa, okalamba ndi ambiri.

Tiyeni tione ndi maso. Tengani malicero awiri. Nyemba ikhale mwana amene sanakwane zaka 15. Kamwala kakhale munthu wa zaka 65 kapena kuposa. Njere ya cimanga ikhale munthu wa pakati, amene ali ndi mphamvu zogwira nchito. Licero lirilonse likhale ndi anthu 100.

Licero loyamba ndi Moçambique, monga anapezera kalembera wa 2017. Ikanimo nyemba 47, cimanga 50 ndi timiyala 3.

Licero laciwiri ndi Portugal, monga anapezera kalembera wao wa 2021. Ikanimo nyemba 13, cimanga 64 ndi timiyala 23.

Yang'anani bwino. Ndi licero liti liri ndi nyemba zambiri? Ndi liti liri ndi timiyala tambiri? Kwathu kamwala kamodzi kazunguliridwa ndi nyemba zoposa 15. Ku Portugal timiyala taposa nyemba.

Kodi zinatheka bwanji? Pali zifukwa zitatu.

Coyamba, kumeneko mabanja amabereka ana ocepa. Amai ambiri amakhala ndi mwana mmodzi kapena awiri. Kuno kwathu amai amabereka ana pafupifupi 5. Kuyambira mu 2009, caka ndi caka, anthu omwalira ku Portugal amaposa ana obadwa.

Caciwiri, anthu amakhala moyo wautali. Amamwa madzi abwino, amalandira katemera, ndipo akadwala cipatala ciri pafupi. Ambiri amapitirira zaka 80. Ici ndi cinthu cabwino, ndipo ifenso timacifuna.

Cacitatu, acinyamata anacoka. M'zaka za m'ma 1960 Apwitikizi oculuka anasiya midzi yao kupita ku France ndi ku Germany kukafuna nchito, monga momwe makolo athu ankapitira ku Rhodesia. Ena anasamukira kumizinda ya Lisboa ndi Porto. Pambuyo pa 2011, nchito zitasowa, acinyamata ena ambiri ophunzira anacokanso. Kalembera wa 2021 anapeza anthu oposa mamiliyoni 10 pang'ono, ocepa kuposa amene anapezeka mu 2011.

M'midzi ya kumapiri, monga ku Trás-os-Montes, muli midzi imene mwatsala nkhalamba zokhazokha. Masukulu ang'onoang'ono ambiri anatsekedwa cifukwa ana anatha. Taganizani, ana inu: sukulu iri ndi denga labwino, mipando ndi bolodi, koma palibe mwana wokhalapo. Kuno tiri ndi ana osowa pokhala. Kumeneko kuli mipando yosowa ana.

Nanga ndani amathyola zipatso m'minda? Ndani amamanga nyumba? Ndani amasambitsa nkhalamba zodwala? Nchito zambiri zotere zimagwiridwa ndi alendo ocokera ku Brasil, Cabo Verde, Angola, India ndi Nepal. Aliko ndi ena a ku Moçambique. Dziko limene linkatumiza ana ake kunja, lero limalandira ana a eni.

Si Portugal yekha. Ku Japan, pa anthu 100 aliwonse, 29 ali ndi zaka 65 kapena kuposa, ndipo ciwerengero ca anthu cakhala cikutsika kwa zaka zoposa 10.

Mwina mukuti, zimenezo nza kutali. Koma taonani khomo la mwana uja ndinakamupeza alikuphika phala. Pakhomopo panali kamwala kamodzi ndi nyemba imodzi. Cimanga conse cinali citacoka. M'dziko lathu okalamba ndi ocepa, koma pakhomo limodzi zikhoza kucitika zofanana ndi za kumapiri a ku Portugal.

Tiyankhe inde kapena iai:

1. Ku Moçambique ana ndi ambiri kuposa okalamba.
2. Ku Portugal ana ndi ambiri kuposa okalamba.
3. Sukulu imatsekedwa ana akatha.
4. Anthu amasamuka kukafuna nchito.

Tsiku lacisanu: Agogo amene atsala

Munthu wopita kukafuna nchito sanalakwe. Amafuna feteleza, malata, sopo, ndi makope a ana. Ena amatumiza ndalama pafoni. Koma ndalama siitunga madzi. Ndalama siikoleza moto. Agogo akadwala usiku, afuna munthu wowagogodera citseko ca mnansi.

Agogo amatithandiza kwambiri. Amalera adzukulu makolo akacoka. Amadziwa malire a minda. Amadziwa mbeu imene ipirira cisanu ca ku Tsangano. Amadziwa abale athu a kutsidya la malire, ndi manda a makolo. Mlandu ukabuka, anthu amathamangira kwa iwo. Paja akulu ndi mdambo mozimira moto.

Kodi mwana wa kalasi yoyamba angawathandize bwanji agogo?

Angawapatse moni m'mawa.
Angawatungire madzi m'kacidebe kakang'ono.
Angawatolere nkhuni zazing'ono pafupi ndi nyumba.
Angasese pabwalo.
Angawagwire dzanja popita kuchalichi kapena kumsika.
Angathamange kukaitana munthu wamkulu agogo akadwala.
Angakhale pansi ndi kumvetsera nthano.

Nchito izi acite akaweruka. Mwana asaleke sukulu cifukwa ca agogo. Kusamala wodwala tsiku lonse ndi nchito ya akulu.

Pali cinthu cina coipa cimene cimacitika m'midzi. Nkhalamba ikatsala yokha, maso ofiira ndi utsi, ikulankhula yokha cifukwa ca ukalamba, ena amati ndi mfiti. Ana amaiponya miyala. Akulu amaithamangitsa pamudzi. Ana inu, imvi si ufiti. Kuiwala si ufiti. Ndi ukalamba, ndipo tonse tikakhala ndi moyo tidzafikako. M'dziko lathu muli lamulo la mu 2014 loteteza anthu okalamba, kuyambira zaka 60. Wozunza nkhalamba walakwira lamulo. Tsiku la 1 Outubro ndi tsiku lokumbukira okalamba padziko lonse.

Mwana uja anabwerera kusukulu. Ndinapita kwa anyakwawa, ndipo iwo anaitana abale. Anagwirizana kuti azakhali azigona kwa agogowo, ndipo mabanja awiri oyandikana azisinthana kutunga madzi. Anaimbira foni amai ake a mwanayo, nawonso anavomera kutumiza ndalama ya sopo ndi mcere. Miyendo ya agogo siinacire. Amai ake sanabwerebe. Koma ndikaitana dzina lake m'mawa, amayankha. Za anzake awiri aja, mmodzi ndinamva kuti alikuphunzira ku Moatize. Winayo dzina lake ndinalifafaniza m'buku kumapeto kwa caka.

Mau atsopano

mudzi: aldeia
agogo: avó, avô
mdzukulu: neto, neta
banja: família
malire: fronteira
mtendere: paz
kalembera: recenseamento
wokalamba: idoso
kusamuka: mudar de casa

Tilembe m'kope:

Agogo atsala pakhomo.
Ine ndikonda agogo.
Mudzi wathu wakula.

Tijambule: Jambulani nyumba yanu. Mkati jambulani anthu amene amagona m'nyumbamo. Kunja jambulani abale amene anapita kutali. Pansi lembani nambala ya a mkati ndi nambala ya a kunja.

Nchito ya kunyumba

Funsani agogo, kapena munthu wina wacikulire wa pafupi, mafunso awa. Pofunsa khalani pansi, ndipo muyambe ndi moni.

1. Agogo, munabadwira kuti?
2. Kwanu munabadwa angati? Atsala angati?
3. Munayamba mwakhalapo kudziko lina? Munapitira ciani?
4. Ndani wa m'banja lathu amene anapita osabwerera?
5. Ndi nchito iti imene ikukuvutani masiku ano?

Ngati agogo safuna kusimba za nkhondo, musawakakamize. Ena mtima umawawabe. Yankho la funso lomaliza mulisunge bwino, ndipo mawa mudzatiuze m'kalasi zimene mwacitapo.

Mau otsiriza kwa makolo

Makolo, ndiri ndi zopempha zisanu.

Mwana akabadwa, kamulembetseni ku Registo Civil. Mwana wopanda cikalata amavutika polemba mayeso ndi posamuka.

Mukafuna kusamuka ndi mwana, fikani kusukulu mutenge kalata yosamukira. Ndi kalatayo adzalandiridwa kumene mukupita, ndipo sadzabwerera m'mbuyo. Mukamutumiza kwa abale a ku Malawi, tiuzeni, tidziwe kuti ali kuti.

Mukamusiya mwana ndi agogo, musanyamuke musanakhale pansi ndi abale. Gwirizanani za amene adzalima, amene adzatunga madzi, ndi amene adzaperekeza agogo kucipatala. Siyani nambala ya foni kwa mnansi ndi kwa aphunzitsi.

Ngati m'mudzi muli nkhalamba yosauka yopanda woisamala, kauzeni anyakwawa kapena mlembi wa dera. Bungwe la boma la INAS liri ndi thandizo la ndalama la okalamba osowa, ndipo atsogoleri a m'mudzi ndiwo amathandiza kuwalembetsa.

Anthu a kalembera akadzafikanso, alandireni. Chulani onse a pakhomo, khanda ndi agogo omwe. Boma likafuna kumanga sukulu kapena cipatala, limayang'ana ciwerengero cimeneco.

Lolemba mwana aliyense abwere ndi cithunzi cake ca nyumba, nyemba 10 ndi timiyala 10. Tidzawerengera mudzi wathu pabwalo la sukulu.